Kodi Tsoka Silinunkhadi?

Akuluakulu athu anati tsoka silinunkha. Mawu amenewa timawanena pamaliro, pangozi ya pamsewu, ndiponso malonda akagwa, ndipo kawirikawiri amatonthoza, chifukwa amatula katundu pamutu pa munthu amene wasweka kale mtima. Koma pali funso limene ndikufuna tilingalire pamodzi m'gulu lathu lophunzira: kodi munthu ali ndi mlandu wotani pa vuto limene sanalifune, sanalichite dala, komabe akanatha kuliona likubwera? Ndiyamba ndi nkhani ya ngalawa ya matanga imene inatsamira pamatope ku England ine ndili momwemo, pakuti funsoli linandigwira kumeneko.

Nyanja imene imachoka n'kubwerera

Amene tinakulira kufupi ndi nyanja ya Malawi timadziwa kuti madzi amakwera mvula ikagwa ndipo amatsika pang'onopang'ono m'chilimwe. A ku Zomba ndi ku Phalombe amakumbukira momwe nyanja ya Chilwa inaphwera mu 1995 ndiponso mu 2018, mabwato n'kungokhala pamatope ong'ambika. Zimenezo zimatenga miyezi kapena zaka. Nyanja yamchere imachita zoterezi kawiri pa tsiku. Mwezi ndi dzuwa zimakoka madzi, kotero kuti nyanja imadzaza, n'kuphwa, n'kudzazanso. Kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamapita maola pafupifupi 12 ndi mphindi 25. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, mphamvu yake imagwirizana ndi ya dzuwa, ndipo madzi amadzaza kwambiri komanso amaphwa kwambiri. Izi zimachitika pafupifupi masabata awiri alionse. Kuphwa kwakukulu koposa kumakonda kubwera cha mu Marichi ndi mu Seputembala, pamene usana ndi usiku zimalingana. Ya mu Marichiyo ndi nyengo yomwe ija imene timakondwerera Naw-Rúz.

Kum'mawa kwa England, m'chigawo cha Essex, mtsinje wa Blackwater umathira m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Mersea. Kumeneko, pa masiku a kuphwa kwakukulu, kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumaposa mamita 4. Msewu wopita pachilumbacho, umene amautcha Strood, umamira madzi akadzaza kwambiri, ndipo magalimoto amaima pamzere kudikira. Madzi akachoka pamatsala matope aakulu ndi timifuleni tokhotakhota.

Eni ngalawa ambiri kumeneko sakocheza padoko. Amamiza chinthu cholemera kwambiri pansi pa mfuleni kuti chikhale nangula wokhalitsa, n'kumangirirapo unyolo wochindikala, ndipo kunsonga kwake amaikako chigubu choyandama. Ngalawa imamangidwa pamenepo ndipo imazungulira malowo monga mbuzi yapachingwe imazungulira chikhomo, kutsata kumene madzi ndi mphepo zikuikankhira. Ngalawa zina zili ndi zipsepse ziwiri pansi, ndipo madzi akaphwa zimangoimirira pamatope osavutika. Zina zili ndi chipsepse chimodzi chachitsulo, chachitali ndi cholemera, chimene eni ake amachitcha keel. Ngalawa yotere imafuna madzi pansi pake nthawi zonse, chifukwa akachoka imagwera chammbali.

Usiku umenewo

Bambo ena achikulire amene ndinkagwira nawo ntchito anali ndi ngalawa ya chipsepse chimodzi, yofuna madzi akuya mita imodzi ndi theka. Anali ataisunga pamalo amodzimodzi zaka zoposa 10, ndipo ankanyadira kuti malo awowo saphwa. Chakumapeto kwa Marichi, atangoitsitsiranso m'madzi nyengo yozizira itatha, anandiitana kuti tikagone momwemo, tidzanyamuke m'mawa madzi akayamba kudzaza. Tinamanga bwinobwino, iwo anayang'ana unyolo ndi zingwe zonse, tinamwa tiyi, n'kugona.

Cha m'ma 5 koloko m'bandakucha ndinadzidzimuka nditagubuduzikira kukhoma. Makapu anali kutsetsereka okha pashelefu. Kunalibe namondwe ngakhale mafunde. Tinatuluka ndi tochi n'kupeza kuti unyolo uli bwinobwino, chigubu chili pamalo pake, koma ngalawa yatsamira m'mbali mwa mfuleni ndipo ikupendekera pang'onopang'ono.

Eni ake anawerengera msanga. Amalinyero ali ndi njira yophweka yoyerekezera. Pa maola 6 amene madzi amaphwa, amagawa kutsika konse m'zigawo 12: ola loyamba limatenga chigawo 1, lachiwiri 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Tsiku limenelo kusiyana kunali pafupifupi mamita 4.8, ndiye kuti chigawo chilichonse chinali masentimita 40. Panali patatsala maola 2 kuti madzi afike potsika penipeni, kutanthauza zigawo 3, masentimita 120 amene anali asanachoke. Ngalawa inayenera kugona ndithu. Choopsa chachikulu chinali cham'tsogolo: madzi pobwerera akhoza kulowa m'ngalawa yogona chammbali isanayambe kudzuka, n'kuidzaza pomwepo. Kutsika kuti tiyende pansi sikukanatheka, pakuti matope a kumeneko amameza munthu mpaka m'chiuno, ndipo madzi a mu Marichi amazizira koopsa.

Mawu oyamba a bambowo anali akuti, "Ndi tsoka basi, palibe akanadziwa." Patapita kanthawi anasintha: "Amene anandiikira nangula uyu ndiwo analakwitsa. Ndikawapeza lero lomwe." Kenaka tinatanganidwa ndi ntchito, ndipo iwo sanalankhulenso. Kunja kukuyera anandiyang'ana nati, "Mnzanga, ndikuuzeni zoona. Mu Seputembala wathayu ndinamva ngalawayi itagunda pansi usiku wina wonga uno. Inangokhudza n'kuyandamanso. Ndinadziuza kuti ndinali kulota, ndipo sindinayeze."

Mayankho atatu amenewa, ochokera pakamwa pa munthu mmodzi m'mawa umodzi, ndiwo amene tiwasanthule.

Kugawa mlandu

Zinthu zitatu zinakumana kuti ngalawayo igone.

Choyamba ndi mwezi ndi dzuwa. Munthu sangaziletse, koma si zobisika. Mabuku a nthawi za madzi amasindikizidwa chaka chisanayambe, ndipo amanena ola, mphindi ndi msinkhu wa madzi pa doko lililonse. Bambowo anali nalo bukulo ndipo ankadziwa kuti kudzakhala kuphwa kwakukulu.

Chachiwiri ndi nyengo. Mpweya ukalemera umapsinja nyanja: pa millibar iliyonse yopitirira 1013, madzi amatsika pafupifupi sentimita imodzi. Usiku umenewo kumwamba kunali nyenyezi zokhazokha, chipangizo choyezera mpweya chikuonetsa 1035, ndiye kuti madzi anatsika masentimita oposa 20 kupyola pamene buku linanena. Komanso kamphepo kanawomba modutsa mfuleni n'kukankhira ngalawa m'mbali, ndipo madzi akachepa unyolo umatsala wautali, kotero ngalawa imafika patali kuposa masiku onse. Zotere munthu angaziyerekeze, koma sangazidziwiretu motsimikiza.

Chachitatu ndi matope. Mitsinje yotere imasuntha matope chaka ndi chaka, apa ikukumba, apo ikuunjika. Gombe la matope linali litakula pang'onopang'ono mpaka kulowa m'bwalo limene ngalawa imazungulira. Palibe buku limene likanawauza zimenezi. Chikanawauza ndi chingwe chokhala ndi mtovu kunsonga, kapena nsungwi yaitali, ndi theka la ola m'kabwato madzi ataphwa. Ndipo chenjezo anali atalandira mu Seputembala.

Tsono tibwerere ku mayankho aja. Loyamba linali ndi choonadi pang'ono, chifukwa mpweya ndi mphepo sizinali m'manja mwa munthu. Lachiwiri linalibe choonadi konse. Nangulayo anaikidwa bwino zaka 10 m'mbuyomo, pamene malowo analidi akuya, ndipo kupita kukakalipira amene anamuika kukanakhala kuipitsa dzina la munthu wosalakwa. Lachitatu ndilo linakhudza gawo limene linali lawo, ndipo ndi gawo lokhalo limene akanatha kulisintha.

M'Mawu Obisika, Bahá'u'lláh amaika chilungamo pamalo apamwamba kwambiri, ndipo amachilumikiza ndi kuona zinthu ndi maso athu eni m'malo mwa maso a ena. Kawirikawiri tikamva za chilungamo timaganiza zoweruza milandu ya anthu ena. Koma chimafunikanso pamene munthu akuweruza mlandu wa iye mwini: kunena kuti ichi si changa, ichi ndi changa, osaonjezera ndipo osachotsera. Amene akana zonse akunama. Amene asenza zonse, ngakhale mwezi ndi mphepo, nayenso sakunena zoona, ndipo adzatopa ndi katundu wosakhala wake mpaka kusowa mphamvu yokonzera chimene chili chake.

Chifukwa chiyani sanayeze?

Bambowa sanali aulesi. Ndinawaona ndi maso anga akuyang'ana unyolo, zingwe ndi mafuta a injini. Anayang'ana zonse zimene anazolowera kuziopa, n'kusiya chimodzi chimene ankachikhulupirira. Zaka 10 zopanda vuto zinasanduka umboni m'maganizo mwawo, chonsecho zinali umboni wa momwe malowo analili kale, osati momwe alili lero.

Panalinso china. Kuyeza kukanabweretsa ntchito ndi kuwononga ndalama: kusamutsa nangula, kapena kusiya malo amene ankawakonda, ndiponso kuvomera pamaso pa anzawo kuti malo amene ankawatama aja ayamba kuphwa. Munthu akaganizira kuti yankho lingamuvute, amapeza njira yosafunsira funsolo. Kusadziwa kotere n'kosankha, ndipo kumasiyana ndi kusadziwa kwa munthu amene sanamvepo kanthu. Mlandu wawo unali pamenepa, ndipo unachitika mu Seputembala. Za mu Marichi zinali zotsatira chabe.

'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti makhalidwe onse abwino a munthu amamangidwa pa kunena zoona, ndipo ambiri a ife tinakumana ndi chiphunzitso chimenechi m'buku loyamba la maphunziro a Ruhi. Timakonda kuchimva ngati lamulo losanamiza anzathu. Koma mu Seputembala bambowo sananamize munthu aliyense, pakuti palibe anawafunsa. Bodza linali la mumtima, lija lakuti ndinali kulota. Ndipo bodza limene munthu amadzinamiza silikhala la iye yekha nthawi yaitali. Patapita miyezi 6 linali litakweza mlendo m'ngalawa, mlendo amene sankadziwa kanthu za matope a Essex ndipo anagona tulo podalira mawu a eni ake.

Tonse tili ndi malo otere. Pali chifuwa chosatha chimene sitikufuna kukayezetsa, ngongole imene sitikufuna kuiwerengera pamodzi, mwana amene wasiya kulankhula pakhomo ife n'kumati ndi msinkhu chabe, banja limene timaliyesa lolimba chifukwa palibe walongedza katundu. Pa zonsezi unyolo umakhala uli bwino, ndipo n'chifukwa chake timagona. Chimene chikusintha ndi pansi, pamene sitikuyang'ana.

Kodi uku si kusowa chikhulupiriro?

Wina anganene kuti, "Timaphunzitsidwa kudalira Mulungu. Tikayamba kukayikira chilichonse chimene chatisunga, tidzagona liti? Kodi kuyezayeza kumeneku si nkhawa chabe imene yavala malaya a nzeru?" Funsoli tisalipeputse. Alipo anthu amene nkhawa yawadya moyo, ndipo kuwauza kuti aonjezere kuyang'anitsitsa kungakhale kuwapweteka.

Koma tione chimene kudalira Mulungu kumatanthauza m'zolembedwa zathu. Mu Kitáb-i-Aqdas, limene linavumbulutsidwa ku 'Akká cha mu 1873, Bahá'u'lláh akulangiza odwala kuti azipita kwa madokotala odziwa ntchito yawo. Akulamulanso kuti aliyense akhale ndi ntchito kapena luso lina, ndipo ntchito yotero akuiika pa mlingo wa kupembedza. Yemweyo amene akutiitana kuti timudalire Mulungu akutiuzanso kuti tigwiritse ntchito njira zimene Mulungu waika. Buku la nthawi za madzi lija limatheka chifukwa chilengedwe chili ndi dongosolo, ndipo Isaac Newton anafotokoza mu 1687 momwe kukoka kwa mwezi ndi dzuwa kumayendetsera nyanja. Kuwerenga dongosolo limenelo ndi kulemekeza amene analiika. Munthu amene wapatsidwa nzeru, chingwe choyezera ndi chenjezo, iye n'kuzisiya zonse n'kumati ndadalira Mulungu, wadalira mwayi wake n'kuutcha dzina la Mulungu.

Nanga nkhawa ndi tcheru zimasiyana pati? Nkhawa imabwerera pa funso lomwelo usiku uliwonse popanda kuchitapo kanthu, ndipo imavutika kwambiri ndi mwezi ndi mphepo zimene singazisinthe. Tcheru chimasankha nthawi yoyenera, chimayeza, chimachita chimene muyeso wanena, n'kusiya zotsalazo m'manja mwa Mulungu. Bambowo anandiuza pambuyo pake kuti nyengo yonse yozizira ganizo la kugunda kuja linkawabwerera, iwo n'kumalikankha. Theka la ola la kuyeza likanawapatsa mtendere umene miyezi 6 ya kusayang'ana inalephera kuwapatsa.

Mayesero a mitundu iwiri

Polankhula ku Paris mu 1911, 'Abdu'l-Bahá anafotokoza kuti mayesero a munthu ali mitundu iwiri. Ena ndi zotsatira za zochita zake, monga kudwala chifukwa chodya mopyola muyeso. Ena amagwera okhulupirika a Mulungu popanda kulakwa kwawo. Chitsanzo cha mtundu wachiwiri tili nacho m'mbiri ya Chipembedzo chathu. Pa 31 Ogasiti 1868, Bahá'u'lláh pamodzi ndi banja Lake ndi anzake, onse pafupifupi 70, anaolotsedwa pa ngalawa ya matanga kuchokera ku Haifa kupita ku 'Akká, natsekeredwa m'nyumba ya asilikali zaka zoposa ziwiri. Mommo mwana Wake Mírzá Mihdí anamwalira mu 1870. Pamenepo panalibe chenjezo lonyalanyazidwa. Panali kuuma mtima kwa olamulira ndi kupirira kwa osalakwa.

Kusiyanitsa kumeneku kumatiteteza ku zolakwa ziwiri. Cholakwa choyamba ndi kudzitcha oyesedwa ndi Mulungu pamene tikukolola zimene tinafesa tokha, n'kudziika pamzere umodzi ndi amene anazunzika osalakwa. Munthu wotero saphunzirapo kanthu, ndipo adzagonanso pamatope omwewo. Cholakwa chachiwiri ndi chija cha abwenzi a Yobu, chouza aliyense wovutika kuti payenera kukhala tchimo limene anachita. Mavuto ambiri a masiku onse ali ngati a ngalawa ija, osakanikirana, ndipo ntchito yowalekanitsa ndi ya mwini vutolo poyamba. Ife oonerera sitidziwa chimene munthu anamva mu Seputembala wake, kapena ngati anamva kanthu n'komwe.

Tisaiwalenso kuti kuvomera cholakwa sikutanthauza kudzinyazitsa. Bahá'u'lláh analetsa kuulula machimo kwa munthu mnzathu pofuna kuti atikhululukire m'malo mwa Mulungu, chifukwa safuna kuti atumiki Ake achititsidwe manyazi. Koma kupepesa kwa amene tamulakwira ndi nkhani ina. Bambowo sanandiuze zija kuti ndiwachotsere tchimo. Anandiuza chifukwa ndinali m'ngozi imene iwo anali ndi gawo poibweretsa, ndiponso chifukwa akanapanda kunena, mkwiyo wawo ukanakagwera munthu wosalakwa madzulo a tsiku lomwelo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Langizo la m'Mawu Obisika lakuti munthu azidziwerengera zochita zake tsiku ndi tsiku limagwira ntchito ngati chingwe choyezera chija: cholakwa chikapezeka chidakali chaching'ono, manyazi ake amakhalanso aang'ono.

Womva nayenso ali ndi mayesero ake. Ndisabise, nditamva mawu awo mtima wanga unatentha, ndipo lilime linafuna kufunsa kuti munandiitaniranji mukudziwa zimenezi. Ndinadziletsa chifukwa ndinaona kuti munthu wa imvi wangochita chinthu chovuta pamaso pa wamng'ono kwa iye. Tikamalanga amene anena zoona, timaphunzitsa onse otizungulira kubisa. Ndinangoti, "Bambo, zikomo kuti mwanena. Chatsala n'chiyani choti tichite?"

Maola anayi pamatope

Chinthu chimene munthu amafuna kuchita ngalawa ikatsamira ndi kuliza injini n'kukankha ndi mphamvu. Madzi akamaphwa msanga chotero, zimenezo zimangoyamwitsa matope m'mipope yoziziritsira injini, n'kuonjezera vuto lachiwiri pa loyamba. Ife tinachita zimene zikanatheka. Tinavala majekete oyandamitsa. Tinatseka mipopi yonse yolowetsa ndi yotulutsa madzi, ndi zitseko zonse. Tinasunthira zigubu za madzi ndi katundu wolemera kumbali ya gombe, kuti ngalawa igonere chokwera, pakuti ikagonera chotsetsereka imavuta kudzuka. Tinapalasa kabwato n'kukaponya nangula wamng'ono pakati pa mfuleni, kuti madzi akabwera tidzadzikokere kokuya. Tinadziwitsa oyang'anira gombe pa wailesi. Kenaka panalibenso china, ndipo tinakhala pansi. Ine ndinanena mapemphero anga a m'bandakucha nditagwira chingwe ndi dzanja limodzi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mawa umenewo ndinamvetsa kuti kudekha kuli ndi mbali ziwiri: kuchita mwachangu zonse zimene zili m'manja mwako, ndi kusakakamiza zimene zili ndi nthawi yake. Amene angokhala osachita kanthu ndi waulesi, ndipo amene alephera kukhala atamaliza zonse amawononga ndi manja ake zimene anakonza.

Madzi atatsika penipeni tinaona zimene madzi odzaza ankabisa. Gombe la matope lija linali poyera, litatulukira m'mfuleni ngati lilime. Bambowo analowa m'kabwato ndi nsungwi n'kuyeza bwalo lonse, ntchito ija imene anaizemba miyezi 6. Cha m'ma 8 koloko madzi anali akukwera mofulumira. Anafika m'mphepete mwenimweni mwa pamene timakhala, ndipo kwa mphindi zingapo tonse tinangoti zii. Kenaka ngalawa inanjenjemera, n'kuyamba kudzuka. Pofika 9 koloko inali itayandama.

Za ife eni

Abwenzi, nkhaniyi ikukhudzanso ntchito imene tikugwira pamodzi. Gulu lophunzira limene linayamba ndi anthu ambiri likhoza kutsala ndi atatu. Kalasi ya ana ikhoza kukhalapo m'kaundula chabe, ana atasiya kubwera kalekale. Tikakumana pa msonkhano wolingalira wa miyezi itatu iliyonse, mayankho atatu aja amamveka onse. Wina amati ndi nyengo ya kumunda basi, palibe akanachita kanthu. Wina amati wotsogolera maphunziro ndiye walephera. Nthawi zina wina amalimba mtima n'kunena kuti tinaona kalekale kuti anthu akuchepa, koma sitinafune kufunsa chifukwa chake.

Kukambirana kumene timaphunzitsidwa kumayamba ndi kupeza zoona za nkhaniyo, tisanathamangire chigamulo. Nyengo ya kumunda ndi yeniyeni, ndipo monga mwezi, imadziwika pasadakhale, choncho tikhoza kusintha nthawi yokumana isanafike. Matenda ndi maliro zili ngati mphepo, ndipo pa zimenezo timangothandizana. Koma ngati mnzathu anasiya kubwera chifukwa wina anamulankhula mawu opweteka, kapena chifukwa palibe anamuyendera mwana wake atadwala, amenewo ndi matope amene akuunjikana pansi pathu, ndipo sadziwika mpaka wina atapita kunyumba kwake, n'kukhala pansi, n'kufunsa. Lipoti lokongola limene likubisa zimenezi limanamiza amene akufuna kutithandiza, ndipo limakweza alendo m'ngalawa imene sitinaiyeze.

Mwezi wotsatira bambo aja anasamutsira nangula wawo pakati pa mfuleni. Kwa amene ankafuna kukawakalipira aja anapitako ndithu, koma kukapempha thandizo pa ntchito yosamutsayo. Kuyambira pamenepo anayamba kuyeza malowo kawiri pa chaka, mu Marichi ndi mu Seputembala. Mwambi uja tisautaye, chifukwa alipo matsoka amene sanunkhadi, ndipo wogweredwa nawo ayenera kuumva kuchokera kwa ife. Koma tisanaunene pa vuto lathu la ife eni, ndi bwino tiyambe tadzifunsa pamaso pa Mulungu ngati panalibe usiku wina umene tinamva kugunda, n'kudziuza kuti tinali kulota.

Mafunso oti tikambirane

1. Ganizirani vuto limodzi limene munakumana nalo. Ndi mbali iti imene inali ngati mwezi, iti ngati mphepo, ndipo iti ngati matope?
2. Kodi munthu angadziwe bwanji kuti akudalira Mulungu, kapena akungozemba funso lovuta?
3. Mnzathu akavomera cholakwa chimene chatipweteka, tingamuyankhe bwanji mosabisa zoona komanso mosamuchititsa manyazi?
4. Kodi n'zotheka kuthandiza wina kuona gawo lake pa vuto popanda kukhala ngati abwenzi a Yobu? Ndani ali woyenera kutero, ndipo pa nthawi iti?
5. M'gulu lathu lino, ndi chiyani chimene takhala tikuchikhulupirira osachiyeza? Ndani apite kukafunsa, ndipo liti?